Kukhala Cete Masiku Khumi

Nkhani ya usiku uno iyambira ku cigwa ca Luangwa. Anthu a kwa Mambwe adziwa kuti mtsinje ukhoza kusefukira ndi kumiza minda ngakhale kwao sikunagwe mvula. Mlendo adabwa, koma mkulu wa Cikunda sadabwa ai, pakuti adziwa kuti madziwo acokera kumtunda, ku mapiri a Mafinga.

Buddha, amene anakhala ku India zaka ngati 2,500 zapitazo, anaphunzitsa zofanana ndi zimenezi, koma iye ananena za mtima wa munthu. Anati masautso sabuka okha. Ciriconse ciri ndi cocititsa cace, ndipo cocititsaco cikatha, naco cimatha. Ciphunzitsoci m'cinenero ca Pali dzina lace ndi paticca-samuppada, ndipo aciwerenga ngati unyolo wa mfundo 12, kuyambira umbuli kufikira ukalamba ndi imfa.

Kuloweza mfundozo nkosavuta. Ngakhale mwana wa sukulu angathe. Cifukwa cace ofuna kuzizindikira ndithu amapita pa malo a okha kukakhala cete. Mphunzitsi S. N. Goenka, wobadwira ku Burma, anayamba maphunziro a masiku khumi ku India mu 1969, ndipo tsopano acitikanso ku South Africa, pafupi ndi Worcester. Salipiritsa ndalama. Ophunzira amadzuka 4 koloko m'mamawa, nakhala pansi maola ngati khumi pa tsiku, osalankhulana, osawerenga buku, osakhudza mowa kapena fodya. Masiku atatu oyamba amangosamala mpweya wolowa ndi wotuluka m'mphuno. Pa tsiku lacinai ayamba kuyendetsa maganizo m'thupi lonse, kucokera pa liwombo kufikira ku zala za ku mapazi.

Pamenepa mpamene pagona nkhani. Bondo liyamba kuwawa, msana uyabwa, ndipo nthawi yomweyo mtima ufuna kuthawa. Munthu akapirira osasuntha, aona kuti kuwawa ndi cinthu cina, kufuna kuthawa ndi cinanso, ndi kuti pakati pace pali kampata kakang'ono. Mfundo ziwirizi, kumva m'thupi ndi cilakolako, ziri zotsatana mu unyolo uja, ndipo Goenka anaphunzitsa kuti pomwepo mpodulira.

Wa pa mgodi sasowa citsanzo. Tsiku la malipiro fungo la mowa limpeza pa njira, kukhosi kuuma, miyendo ikhota yokha. Ndeu ya kunyumba ndi ngongole zidza pambuyo, monga madzi a ku Mafinga afika kwa Mambwe mvula itagwa kale.

Komatu masiku khumi sasintha munthu kotheratu. Aphunzitsi amalangiza wobwerera kwao kuti azikhala cete ola limodzi m'mawa ndi lina madzulo, ndipo kwa munthu wa nchito ya usiku, wogona m'nyumba yodzala ana, maola awiriwo ngovuta kuwapeza koposa masiku khumi aja.