Mwana aliyense alowe m'bwalo



Ambiri mwa ife timakathandiza alezi kusukulu za mkombaphala. Ndiye ndikufunseni: nthawi ya masewera ikakwana, mwana waulumali amakhala kuti? Kawirikawiri timamukhazika pansi pa mtengo kuti azilondera nsapato za anzake. Ife timati tikumuteteza, koma iye akuphunzirapo kuti bwalo si lake, ndipo anzake akuphunziranso zomwezo. Paja m'mera m'poyamba.

Mu 2019 bungwe la zaumoyo la WHO linalangiza kuti mwana wa zaka 3 mpaka 4 azitakataka mphindi 180 patsiku. Waulumali nayenso thupi lake limalimba akamasewera. Komanso mu 2009 dziko la Malawi linavomereza pangano la United Nations la ufulu wa anthu aulumali, lomwe limati ana otere ali ndi ufulu wosewera ngati anzawo, ngakhale kusukulu.

Mwina mukuti, "Nanga zipangizo tizipeza kuti?" Sizilira ndalama ayi. Chofunika n'kusintha masewerawo.

Ngati pali mwana wosaona, ikani zitsekerero za mabotolo m'kachitini, mukakulunge m'kati mwa mpira wachikulunga. Mpirawo uzilira, iye aziutsata ndi makutu. Ngati pali wosamva, musadalire wezulo yekha. Kwezani nsalu yowala poyamba ndi pomaliza, ndipo muzimuyang'ana kumaso polankhula. Ngati pali wovutika kuyenda, ana onse akhale pamphasa mozungulira, azikunkhunizirana mpira. Pa jingo, iye akhoza kupukusa chingwe. Mwana wachialubino dzuwa limamuwotcha khungu, choncho sewerani m'mamawa kapena pamthunzi, avale chipewa ndi malaya a manja aatali.

Za khunyu timvetsetsane: si matenda opatsirana. Mwana akagwa, chotsani zinthu zoti zingamupweteke, musamuike kanthu m'kamwa, ndipo kugwedezeka kukatha mugonekeni cham'mbali.

Musanayambe, chezani ndi makolo ake. Iwo ndi amene akudziwa zomwe zimamutopetsa ndi zomwe amakonda. Mwanayonso mufunseni, ali ndi maganizo ake.

Pempho langa ndi limodzi. Sabata ino mukapita kumkombaphala, werengani ana ali m'kalasi, kenako werengani ali m'bwalo. Nambala zikasiyana, musayambe masewera mpaka mutadziwa chifukwa chake.