KUGONEKA MWANA WAMNG'ONO PA NTHAWI YACE

Nkhani ya lero ndi ya mwana amene wangophunzira kumene kuyenda, wa caka cimodzi kufikira zaka zitatu, ndi m'mene makolo ace angamzoloweretsere kugona pa nthawi imodzimodzi usiku uli wonse.

Munthu ali yense amene analerapo mwana wa msinkhu umenewu adziwa kuti dzuwa likalowa ndi pamene mabvuto ayamba. Mwana watopa, maso ace afiira, koma kugona akana. Alira, akoka citenge ca amace, apempha madzi, ndipo madziwo akabwera awataya pansi. Amai amene analawirira kukatunga madzi kapena kukagulitsa ku msika afika 10 koloko usiku mwana ali cilirire. Atate amene mawa afunika ku nchito ayamba kukalipa. M'nyumba za m'makomboni, m'mene khoma limodzi lilekanitsa mabanja awiri, nao anansi sapeza tulo. Anthu amati mwanayo ngwosamva, koma kawirikawiri cimene casoweka m'nyumbamo ndi dongosolo la madzulo.

Kodi mwana afunika tulo totani? Bungwe loyang'anira za umoyo pa dziko lonse lapansi, la World Health Organization, linalengeza m'caka ca 2019 kuti mwana wa caka cimodzi kapena ziwiri afunika kugona maora 11 kufikira 14 pa usana ndi usiku umodzi, kuwerengera pamodzi ndi tulo ta masana, ndi kuti wa zaka zitatu kapena zinai afunika maora 10 kufikira 13. Linaonjezanso kuti nthawi yogona ndi nthawi yodzuka zisamasinthesinthe. Cotero mwana amene adzuka 6 koloko m'mawa, nagona maora awiri masana, ayenera kukhala m'tulo pofika 7 kapena 8 koloko madzulo.

Tulo timeneti tiri ndi nchito yace. Pamene mwana ali m'tulo tofa nato, thupi lace litulutsa kwambiri timadzi timene tikulitsa mafupa ndi minofu, ndipo bongo wace usunga mau atsopano ndi zinthu zimene waphunzira usana. Mwana wosowa tulo akwiya msanga, agwa kawirikawiri, ndipo ngakhale kudya sadya bwino. Cinthu cimene cisokoneza makolo ambiri ndi ici: mwana akapitirira nthawi yace yogona, saodzera monga acitira munthu wamkulu, koma ayamba kuthamangathamanga, kuseka ndi kulira mosinthasintha. Makolo poona zimenezi aganiza kuti tulo sitinafike, pamene tinafika kale ndi kupitirira. Mai wanzeru ayang'ana zizindikiro zoyamba, ndizo kuyasamula, kutikita maso ndi kuleka masewera, ndipo sadikira kulira.

M'thupi mwa munthu muli ngati koloko imene iyenda ndi kuwala ndi mdima. Kunja kukada, kanthu kakang'ono ka mkati mwa bongo katulutsa timadzi tochedwa melatonin, timene tiuza thupi kuti nthawi yopumula yakwana. Kuwala kwamphamvu kucedwetsa timadzi timeneti. Pa cimeneci anthu a m'Zambia ali ndi mwai. Ku Lusaka dzuwa lilowa ca m'ma 6 koloko caka conse, ndipo kusiyana kwa mwezi wa June ndi wa January ndi pafupifupi ora limodzi lokha. Ku London mwezi wa June dzuwa lilowa 9 koloko itapitirira, ndipo amai a kumeneko agoneka ana ao kunja kuli mbee.

Makolo akale sanadziwe dzina la melatonin, koma madzulo ao anali ndi ndondomeko yosasintha. Nkhuku zikalowa m'khola, nsima inali kupsa. Anthu akadya, ana anali kukhala pa moto kumvera nthano za Kalulu ndi Fisi. Moto ukayamba kuzilala, ang'onoang'ono anali atagona kale pa miyendo ya agogo ao. Tsopano magetsi, wailesi yakanema ndi mafoni zatalikitsa usana kulowa m'kati mwa usiku. Cimene dzuwa ndi moto zinali kucita zokha, lero makolo ayenera kucikonza mwadala.

Njira yace ndi yapafupi. Ndi zinthu zocepa, zocitidwa motsatana cimodzimodzi, pa nthawi yomweyo, madzulo ali onse, ndipo zonse pamodzi zisapitirire mphindi 30 kapena 40 mwana atadya.

Coyamba ndi cakudya. M'mabanja ambiri nsima ya madzulo ipsa mocedwa podikira atate, ndipo mwana agona ndi njala kapena adzutsidwa kuti adye ali m'tulo. Nkwabwino kumpatulira mwana cakudya cace msanga, phala kapena nsima yofewa ndi ndiwo, ca m'ma 6 koloko. Tiyi ndi zakumwa za kola asapatsidwe, pakuti muli mankhwala othamangitsa tulo. Mwana amene akali kuyamwa apitirize, popeza a zaumoyo alangiza kuyamwitsa kufikira zaka ziwiri kapena kupitirira. Koma ayamwe ndondomeko isanathe, kuti bere lisakhale cinthu cotsiriza cimene akumbukira.

Caciwiri ndi kusamba. Madzi ofunda m'beseni acotsa pfumbi la tsiku lonse, ndipo thupi likayamba kuzizira pang'ono atasamba, tulo tibwera mosabvuta. Kumene madzi ndi osowa, kapena m'miyezi yozizira, kumpukuta nkhope, manja ndi mapazi ndi kansalu konyowa nkokwanira. Pambuyo pace amdzoze mafuta ndi kumbveka zobvala zogonera.

Cacitatu ndi mano. Mankhwala otsukira mano ocepa ngati kambeu kamodzi ka mpunga akwanira mwana wosafika zaka zitatu. Mano akatsukidwa, asamwenso kanthu kotsekemera. Botolo la mkaka kapena la madzi a shuga logona nalo m'kamwa liononga mano a kutsogolo.

Cacinai ndi nthano kapena nyimbo. Apa nyale icepetsedwe, wailesi yakanema izimitsidwe, foni iikidwe kutali. Bungwe lija linanenanso kuti mwana wa caka cimodzi asaonerere konse zithunzi za pa kanema kapena pa foni, ndipo wa zaka ziwiri asapitirire ora limodzi pa tsiku. Nthano ikhale yaifupi ndi yofatsa. Mwana wa msinkhu uwu satopa ndi nthano imodzimodzi. Kubwerezako ndiko kumkhazika mtima pansi, cifukwa adziwa cimene cirinkudza. Gawo limeneli liyenera atate kwambiri. Bambo amene afika kuchokera ku nchito ndi kuyamba kuponya mwana m'mwamba athamangitsa tulo. Yemweyo akamuika pa miyendo ndi kumuimbira motsitsa mau, wathandiza nyumba yonse.

Cacisanu ndi pogona. Mwana aikidwe pa mphasa kapena pa bedi pace, ukonde wa udzudzu, umene anthu amati neti, utsitsidwe ndi kupisidwa bwino m'mbali monse. Kuyambira caka ca 1897, pamene Ronald Ross anapeza tizirombo ta malungo m'mimba mwa udzudzu ku India, zadziwika kuti nthendayi ibwera ndi udzudzu. Udzudzu wa malungo uluma makamaka usiku, ndipo ana osafika zaka zisanu ndiwo amene malungo awapha koposa. Mwana amene agona msanga m'neti wapulumuka maora amene akadakhala pabwalo miyendo iri pamtunda. Potsiriza amai anene mau omwewo usiku uli wonse, monga akuti, "Gona bwino, mwanawe, kwada," kapena pemphero lalifupi monga mwa mwambo wa banjalo.

Kuti njira imeneyi ithandiza, anaiyesa. M'caka ca 2009 Jodi Mindell ndi anzace a ku America anafalitsa zimene anapeza pa amai 405 ndi ana ao a miyezi 7 kufikira 36. Ana amene anali kusambitsidwa, kudzozedwa ndi kutonthozedwa motsatana madzulo ali onse anayamba kugona msanga ndi kudzuka kocepa usiku, m'masabata awiri okha, ndipo amai ao nao anapepukidwa mtima. M'caka ca 2015 anafalitsanso mayankho a amai oposa 10,000 a m'maiko 14, ndipo zinaoneka kuti pamene ndondomeko itsatidwa masiku ambiri pa sabata, tulo ta mwana tikomanso koposa.

Pali mfundo imodzi imene ifunika kuimvetsa bwino. Munthu ali yense, wamkulu ndi mwana yemwe, atsitsimuka pang'ono kangapo usiku, nagonanso osadziwa. Koma mwana amene anagona ali kumsana, akatsitsimuka napeza kuti ali pa mphasa, adabwa ndi kulira, kufuna msana uja. Cifukwa cace nkwabwino kumtsitsa pamene alinkuodzera, tulo tisanamtenge, kuti aphunzire kugona pa malo pomwe adzadzukira. Kubereka mwana nkwabwino ndithu ndipo kusalekedwe. Kungoti kuthe tulo tisanafike. Sipafunika cipinda ca yekha iai. M'nyumba ya cipinda cimodzi, pambali pa amace, mwana angathe kukhala ndi malo ace odziwika, ndi kabulangete kace kamene akakonda.

Masiku oyamba mwana adzakana. Pa msinkhu umenewu ana aopa kusiyana ndi amao, ndiponso ayamba kuyesa ngati mau a makolo ali olimba. Akadzuka, amai ambwezere pogona mofatsa, ndi mau ocepa omwe aja, ngakhale kakhumi. Angathe kukhala pambali pace, dzanja liri pa msana, osayatsa nyale ndi osayambanso masewera. Kumenya sikubweretsa tulo. Kumuopseza kuti fisi ali pakhomo kumtontholetsa usiku umodzi, koma kumphunzitsa kuopa mdima zaka zambiri. Cofunika koposa ndi kumvana kwa akulu. Ngati amai akana koma agogo atola mwana ndi kupita naye pabwalo, mwanayo aphunzira kuti kulira kutsegula citseko. Amai, atate, agogo, azakhali ndi mlezi apangane usana, mwaulemu, mwana asanayambe kulira. Maliro, ulendo kapena matenda zikasokoneza dongosolo, palibe kanthu. Libwerere pamene zinthu zakhazikika. Nato tulo ta masana tithe pofika 3 koloko, kuti tisabe ta usiku.

Zinthu zitatu ndi zoopsa. M'miyezi ya June ndi July anthu alowetsa mbaula m'nyumba ndi kutseka mazenera. Makala oyaka atulutsa mpweya wochedwa carbon monoxide, wosaoneka ndi wosanunkha, umene upha anthu ali m'tulo. Mbaula ituluke kunja anthu asanagone. Kandulo kapena koloboi zisakhale pafupi ndi neti. Ndipo mwana asapatsidwe mowa, kapena mankhwala a cimfine oodzeretsa, kuti agone. Zimenezi zingathe kumbvulaza kapena kumupha.

Nthawi zina cimene ciletsa tulo ndi nthenda. Mwana amene watentha thupi apite naye ku cipatala msanga, osadikira kuti kuce kawiri. Amene agwiragwira khutu ndi kulira akagonekedwa, amene adzikanda kumbuyo usiku cifukwa ca tinjoka ta m'mimba, ndi amene aliza mkonono kwambiri ndi kumaleka kupuma pang'ono ali m'tulo, onsewa aonedwe ndi anamwino, ndipo amai angathe kufunsa za izi pa tsiku la sikelo.

Akulu anati m'mera mpoyamba. Mwana amene wazolowera pa zaka ziwiri kuti kudya kutsatana ndi kusamba, kusamba ndi nthano, nthano ndi tulo, adzafika pa msinkhu wa sukulu ali wodzuka yekha m'mawa ndi mutu wopepuka. Makolo amene afuna kuyesa asankhe ora lao, auze onse a m'nyumba, ndipo ayambe madzulo a mawa. Omvera onse agone bwino, pamodzi ndi ana ao.