Nkhuku Zathu ndi Malamulo a Khonsolo



Kumudzi nkhuku imayenda mwaufulu, ndipo ikajompha ndiwo m'dimba la mnansi, anyakwawa amaweruza pabwalo. Koma pa Namitete, pa Nsaru ndi pa Mpingu nyumba zathithikana tsopano. Ambiri ndi obwera, sadziwana, ndipo mlandu wa nkhuku umasanduka chidani.

Lamulo la maboma aang'ono la 1998 linapatsa makhonsolo mphamvu yokhazikitsa malamulo a m'madera mwao. Ife athu ndi a khonsolo ya boma la Lilongwe, ndipo maganizo a anthu amakafika kumeneko kudzera m'makomiti a chitukuko a m'midzi ndi a kwa mfumu yaikulu. Pempho langa nlakuti tikapemphe malamulo atatu okha.

Loyamba, woweta aliyense akhale ndi khola, ndipo zitosi azikathira kumunda. Lachiwiri, nkhuku zonse zizilandira katemera wa chitopa, uja wa I-2, dontho limodzi m'diso miyezi inai iliyonse. Lachitatu, nkhuku yodwala isafike pamsika. Chitopa chilibe mankhwala. Nkhuku imodzi yogula pamsika imatha kupululutsa makola a mudzi wonse, ndipo ndalama ya fizi ndi ya feteleza imathera pomwepo.

Anzanga, ife tinapita kusukulu, kulemba kalata timatha. Tisadikire kuti ena atilembere lamulo loletsa kuweta. Tikakhale nao pamisonkhano imeneyi limodzi ndi mafumu ndi alangizi a ziweto, pakuti mutu umodzi susenza denga.