Dimba Losatipula: Kasamalidwe ka Nthaka M'tauni

Nkhani yokambidwa pa wailesi ndi Mlangizi wa Malimidwe wa ku Blantyre

Madzulo ano ndifuna kulankhula makamaka ndi inu a ku Ndirande, Bangwe, Chilomoni, Zingwangwa ndi Machinjiri, amene muli ndi kadimba kuseri kwa nyumba kapena kamunda ka chimanga. Mawu anga ndi awa: lekani kutembenuza nthaka chaka ndi chaka, ndipo musaisiye yosafunda.

Ena a inu muti, "Kodi si Boma lomweli limene linatiphunzitsa mizere?" Inde. Lamulo losamalira zachilengedwe la 1946, nthawi ya Atsamunda, linakakamiza makolo athu kuunda mizere yopingasa ndi migula, ndipo okana ankalipitsidwa kapena kumangidwa. Mizere yopingasa imaimitsadi madzi. Koma lero tadziwa kuti kugumula mizere ndi kuunda ina chaka chilichonse kumatopetsa nthaka.

Tamvani chimene chimachitika. Nthaka yabwino ili ndi moyo. M'kati mwake muli nyongolotsi ndi tizilombo tina tosaoneka ndi maso, timene timadya zinyalala ndi kuzisandutsa chakudya cha mbewu. Mzungu wina wa ku England, Charles Darwin, analemba buku lathunthu la ntchito ya nyongolotsi mu 1881. Nyongolotsi zimaboola tinjira timene madzi ndi mpweya zimalowera. Mukatipula mumagumula tinjirato, chonde chimapsa ndi dzuwa, ndipo njere za udzu zimene zinali pansi zimabwera pamwamba ndi kumera. Ndiponso khasu limalekeza pamodzimodzi chaka ndi chaka, ndipo pamenepo dothi limagogomezeka, kulimba ngati pansi pa nyumba yozira. Mizu imalephera kupyola, madzinso salowa.

Malo athu kuno ndi otsetsereka, pakuti takhala m'tsinde mwa mapiri a Ndirande, Bangwe, Soche ndi Michiru. Mvula ikagwa pa dothi lotipula, losafunda, imalikokolola. Mukaona Mudi, Nasolo kapena Naperi atafiira m'mwezi wa Januwale, dziwani kuti limenelo ndi dothi la m'minda yathu lili pa ulendo wa ku Shire, pamodzi ndi feteleza amene munagula ndi ndalama zambiri.

Ulimi wosatipula si wachilendo m'dziko muno. Alimi ambiri amautcha mtayakhasu kapena mleranthaka, ndipo bungwe la Total LandCare lauphunzitsa m'maboma monga Nkhotakota. Pa dimba la ndiwo zamasamba chitani motere.

Choyamba, yezani bedi la mita 1 m'lifupi, kuti dzanja lifike pakati inu muli m'kanjira. Musapondenso pabedipo. Ngati dothi lili louma gwa, monga pamene panaumbidwa njerwa, likumbeni mozama kamodzi kokha kuti muswe polimba paja. Kukumba kwatha pamenepo.

Chachiwiri, dulani udzu ndi kusiya mizu yake m'nthaka kuti iolere momwemo. Yalani makatoni akale pamwamba, mutachotsa mapulasitiki onse, ndipo muwanyowetse. Udzu wosowa kuwala umafa.

Chachitatu, thirani manyowa okupsa bwino pamwamba pa makatoniwo, kuchindikala masentimita 10. Musadandaule kuti m'tauni mulibe ng'ombe. Makoko a nthochi ndi a mbatata, masamba ogwa m'mitengo, zotsala za ndiwo za kumsika, zitosi za nkhuku ndi phulusa pang'ono, zonsezi mukaziunjika ndi kumazithira madzi zimasanduka manyowa. Zitosi zaziwisi musaike pa mbewu, zimaotcha.

Chachinayi, fundikani bedi ndi udzu wouma wopanda njere. Pookera mpiru, repu, matimati kapena anyezi, kankhani udzuwo, boolani kadzenje ndi chala, okani. Mukakolola, dulani mbewu ndi kusiya mizu, onjezani manyowa pang'ono pamwamba, ndipo bzalani mbewu ya mtundu wina. Pamene panali matimati pabwere nyemba kapena khobwe.

Inu a chimanga, musatenthe mapesi. Agonekeni m'munda, ndipo mvula ikagwa bzalani ndi kamtengo, masentimita 75 pakati pa mizere ndi 25 pakati pa mapando, njere imodzi pa phando. Ikaninso nandolo, pakuti mizu yake imaboola dothi lolimba ndipo masamba ake amabwezera chonde.

Phindu lake nlotani? Dothi lofunda siliuma msanga, chotero amayi amene mumagula madzi pa mpopi mudzathirira kawirikawiri pang'ono. Chimanga chimapirira ng'amba ikadza pakati pa dzinja. Ndipo msana umapumula m'mwezi wa Okutobala, pamene anzanu ali kulimbana ndi dothi louma.

Sindikubisirani zovuta zake. Chaka choyamba ndi chachiwiri udzu umavuta. Uzuleni ndi manja usanabale njere. Mbewa zimakonda mapesi, ndipo anyamata osaka mbewa amatentha minda. Gwirizanani ndi anansi anu ndi mafumu pa nkhani ya moto ndi mbuzi. Chiswe chimadza, koma kawirikawiri chimadya zouma zimene mwayala ndi kusiya mbewu yamoyo. Mbewu zodwala musafundikire, zichotseni. Ndipo nthaka yotopa sichira m'chaka chimodzi. Akuluakulu anati kuona maso a nkhono nkudekha.

Chenjezo langa lotsiriza ndi ili. Tonse tikumbukira namondwe wa Freddy m'mwezi wa Malichi 2023, pamene matope ndi miyala zinatsika m'phiri la Soche ndi kupha anthu ambiri ku Chilobwe ndi madera oyandikana nako. Mapesi sangagwire phiri. Pamalo otsetsereka kwambiri ndi m'mphepete mwenimweni mwa mitsinje musalimepo konse. Pamenepo mpofunika mitengo, nsungwi ndi udzu wa vetiva.

Musayambe ndi munda wonse. Sabata ino konzani bedi limodzi losatipula pafupi ndi lina lotipula, mubzale mbewu yofanana tsiku limodzi, ndipo muone nokha lofuna madzi ambiri ndi liti. Mukafuna thandizo, funsani mlangizi wa m'dera lanu.