Cisanu, Injini ndi Utsi wa M'mamawa

M'miyezi ya Juni ndi Julaye, cisanu cikatsika m'mapiri a Chipata, malole ndi mabasi a pa mseu wa Great East Road abvuta kulira m'mamawa. Akalira afuka utsi woyera, ndipo amai ogulitsa zitumbuwa pafupipo ayamba kutsokomola.

Cifukwa cace ndi ici. Mafuta a dizilo ayaka ndi kutentha kwa mpweya wopanikizidwa m'injini. Citsulo cikazizira cimwa kutenthako, tsono mafuta ena atuluka osapsa. Ndiwo utsi uja, wowawa m'maso ndi woononga cifuwa.

Ku Canada ndi ku Finland, kumene madzi aundana nakhala ngati mwala, anthu afunditsa injini ndi magetsi asananyamuke. Cipangizo cotere anacikonza Andrew Freeman wa ku North Dakota, nalandira cikalata ca umwini wace mu 1949. Injini yofunda ilira msanga, imwa mafuta pang'ono, ndipo utsi ucepa.

Cisanu ca ku Chipata sicifika pamenepo. M'magalimoto ambiri a dizilo nchitoyo igwiridwa ndi mahita pulagi, tizitsulo ta m'kati mwa injini totentha ndi moto wa batire. Woyendetsa wanzeru adikira kuti kanyali kace kazime asanalize injini. Pulagi ikafa, afulumira kwa makaniko. Kusonkha moto pansi pa injini ndiko kuitana ngozi, ndipo kuiliza nthawi yaitali galimoto iri ciimire kungotaya mafuta. Anyamuke pang'onopang'ono, pakuti injini ifunda msanga poyenda.