Musanathyole shamu, funsani: wadya chiyani lero?



Pafupifupi pakhomo lililonse pali mwana amene timamunena kuti ndi wandewu. Sachedwa kulusa, amamenya anzake ku madrasa, mukamutuma amangolira. Timathamangira kunena kuti watengera bambo ake. Koma musanathyole shamu, dzifunseni kaye: kodi mwanayu wadya chiyani kuyambira m'mawa?

Ubongo ndi umene umamugwira mwana kuti asaponye dzanja akakwiya. Ubongowo umakula kwambiri m'masiku 1,000 oyamba, kuchokera pamene mayi watenga pakati mpaka mwana atakwanitsa zaka 2, ndipo umamangidwa ndi chakudya. Mwana wosowa ayironi magazi amamuchepera, amatopa msanga, amanyanyuka, za m'kalasi sizilowa. Ayodini akasowa mayi ali woyembekezera, nzeru za mwana zimabwerera m'mbuyo.

Pa chilumba cha Mauritius, ofufuza anatsatira ana oposa 1,000 kuyambira ali ndi zaka 3. Ana amene pa msinkhu umenewo anali ndi tsitsi lofiirira ndi lopyapyala, zilonda m'mbali mwa milomo kapena magazi ochepa, ndi amene anapezeka ovuta komanso andewu kuposa anzawo pofika zaka 8, 11 ndi 17. Mwaonatu, njala ya paubwana imamutsata munthu mpaka kukula.

Nanga tichite chiyani, poti ndalama n'zovuta?

Miyezi 6 yoyamba, bere lokha basi. Kenako yambani phala, koma muziyamwitsabe mpaka zaka 2.

Phala lisakhale lamadzimadzi la ufa woyera. Phikani la mgaiwa, muikemo nsinjiro, ufa wa soya, dzira kapena usipa wosinja. Usipa ndi matemba musazione kuchepa, zili ndi ayironi komanso mafuta amene ubongo umafuna.

Bonongwe, chisoso, nkhwani ndi nyemba zisasowe m'mbale ya mwana. Akatha kudya mupatseni gwafa, bwemba kapena mango, chifukwa zipatsozi zimathandiza thupi kulandira ayironi. Tiyi amatchinga ayironi, ndiye asamwere pa chakudya.

Pogula mchere, sankhani wa m'paketi wolembedwa kuti muli ayodini.

Mwana asapite kusukulu kapena ku madrasa m'mimba muli pululu. Ngakhale mbatata yotsala dzulo ndi mtedza wodzaza dzanja zimathandiza. M'mwezi wa Ramadhan kumbukirani kuti mwana wamng'ono sanalamulidwe kusala. Inu mukusala, iye mumuphikire masana.

Sindikunena kuti ukali wonse ndi njala, ayi. Mwana amatengeranso zimene amaona pakhomo, ndipo malungo ndi njoka za m'mimba nazo zimamaliza magazi. Mukaona zikhatho ndi m'kati mwa zikope mwayera, pitani naye kusikelo akamuyeze.

Mawa m'mawa, yambirani pa phala lija. Allah atisungire ana athu.