Ndalama za Boma Zikalembedwa Poyera

Lero tikambirane za ndalama zimene Boma limatumiza ku makhonsolo, ndi zimene zimachitika anthu wamba akadziŵa kuchuluka kwake.

M'chaka cha 1996, ku Uganda kunachitika kafukufuku m'sukulu 250 za pulayimale. Ofufuzawo anapeza kuti kuyambira 1991 mpaka 1995, pa mashilingi 100 alionse amene Boma linatumiza kuti agulire mabuku, choko ndi zina zotero, 13 okha ndiwo ankafika pasukulu. Otsalawo ankathera m'maofesi a m'maboma. Sukulu zambiri sizinkalandira ngakhale khobidi. Nanga mphunzitsi wamkulu akanakadandaula kwa yani, poti sankadziŵa n'komwe kuti ndalama zinabwera?

Tsono Boma la Uganda linayamba kusindikiza m'nyuzipepala, mwezi ndi mwezi, ndalama zimene latumiza ku boma lililonse. Linalamulanso sukulu kuti zizipachika ziŵerengerozo poti makolo aziona. Pofika 2001, mashilingi opitirira 80 pa 100 alionse anali kufika. Panali kusintha kwinanso m'zaka zimenezo, sitikana, koma taonani ichi: sukulu zoyandikana ndi kumene ankagulitsa nyuzipepala ndizo zinapindula koposa.

Kuno ku Malaŵi, lamulo lopatsa nzika ufulu wopempha nkhani za Boma linayamba kugwira ntchito pa 30 September 2020. Makhonsolo nawo limawakhudza. Choncho inu mayi wogulitsa tomato pamsika, amene mumadula chiphaso tsiku ndi tsiku, mungathe kulembera khonsolo yanu kufunsa kuti chaka chatha pamsikapo panatoleredwa ndalama zingati, ndipo zinagwira ntchito yanji.